Chigumu chikunanda tsiku limodzi lokha kuno ku Nchalo, mumaphika bwanji nthawi yotenthayi?

MayiWaAtatu_Nchalo walemba:

Moni amayi ndi abambo nonse. Ndabwera ndi nkhani ya kukhitchini, ndipo ndikupempha makamaka inu amene mwakhalitsa kuchigwa cha Shire kapena kunyanja kuti mundigawireko nzeru.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Tinasamukira kuno ku Nchalo chaka chino chifukwa cha ntchito ya bambo a ana, ndiye uyu ndi Okutobala wanga woyamba kuchigwa. Kutentha kwa kuno ndinkangokumva m'kamwa mwa anthu. Pofika 9 koloko m'mawa malata amakhala ayamba kale kuthetheka, madzi a m'bigiri afunda okha, ndipo pa wailesi akamanena kuti ku Chikwawa ndi ku Nsanje kufika madigiri 40 kapena kuposa, ife timakhala tikuzimva pakhungu.

Vuto langa lalikulu ndi chigumu. Ndinazolowera kuphika chigumu cha nthochi Loweruka masana kuti ana azimwera tiyi ndi kutenga kusukulu mpaka Lachitatu. Ku Dedza chinkafika bwinobwino, chinkangouma pang'ono m'mbali. Kaphikidwe kanga sikanasinthe: makapu atatu a mgaiwa, nthochi 6 zakupsa kwambiri zija khungu layamba kuda, dzira limodzi, shuga theka la kapu, kamchere, soda supuni yaikulu, mafuta pang'ono ndi mkaka mpaka zifewe. Ndimaphikira m'sefuliya pa mbaula, makala ochepa pansi, ambiri pamwamba pa lata. Chikapsa ndimachidula n'kuchisunga m'kontena ya pulasitiki yotseka chifukwa nyerere za kuno sizigona.

Kuno Lamlungu madzulo chimakhala chayamba kale kunanda pakati. Fungo lake limakhala ngati la chipatso chopsetsa, ndipo ukachinyema chimakoka tiulusi ngati therere. Chuku sichioneka ayi, kunja chimaoneka chabwino. Ndataya zigumu zathunthu mtima ukundipweteka, poganiza mmene nthochi zadulira masiku ano.

Mandasi nawo andikanika. Ndinkakanda usiku n'kukazinga m'mawa. Kuno ndikadzuka ndimapeza ufa wafufuma mpaka kusefukira, kenako waphwa, ukununkha mowa. Ndikakazinga amamwa mafuta ndipo amawawasa. Nyemba ndikaphika masana kuti tidyenso usiku, pofika madzulo zayamba thovu. Kafiriji tili nako koma magetsi amazimazima, sindingakadalire.

Ndiye ndikufunsa: inu mumatani? Kodi pali chimene ndingasinthe m'chigumu kuti chizikhalitsa, kapena ndingosiya kuphika mpaka kuzizire? Komanso pabwalo pa nyumba imene tikukhalayi pali mitengo iwiri ya mango yomwe yabereka mpaka nthambi kuwerama. Sindikufuna adzawolere pansi. Ndithandizeni.

Agogo_aNgabu ayankha:

Takulandirani kuchigwa, mwana wanga. Musadzikayikire, manja anu ndi abwinobwino, chasintha ndi dera. Ine ndakulira ku Ngabu ndipo ndakalambira konkuno. Choyamba chimene ndingakuuzeni n'chakuti kuno miyezi ino chakudya sitiphikira mawa. Chizolowezi chanu cha Loweruka chija chiikeni kaye pambali mpaka Meyi kukayamba kuzizira. Phikani chochepa, chithe tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Nthawi yophikira ndi mbandakucha. Ine moto ndimasonkha tambala wachiwiri akalira, ndipo dzuwa likamatuluka chigumu chimakhala chatsika pamoto. Masana sindiyandikira mbaula pokhapokha pophika nsima, ndipo imeneyonso ndimaphikira panja pansi pa mtengo, osati m'khitchini ya malata. Ndaona amayi akuchita chizungulire pamoto mu Novembala. Musadzizunze choncho, ndipo muzimwa madzi musanamve ludzu.

Kontena yotsekayo ndi imene ikukuphererani chigumu. Chikangotsika pamoto chimakhala chikutulutsabe nthunzi, ndiye mukachitsekera nthunzi ija imabwerera m'kati momwemo. Chichotseni m'sefuliya msanga, muchikhazike palichero pamalo opita mphepo mpaka chizizire ndi pakati pomwe. Musachidule chonse, muzidula chimene mukudya basi. Vundikirani ndi kansalu koyera kopyapyala. Za nyererezo, tengani beseni muthiremo madzi pang'ono, pakati muike chitini kapena mwala, lichero likhale pamwamba pake osakhudza khoma. Nyerere siwoloka madzi.

Chinanso, musachiphike chokhuthala. Ife kuno timachiyala chopyapyala, kutalika kwake zala ziwiri kapena zitatu, kuti moto ufike pakati. Pansi pa sefuliya ndimayala tsamba la nthochi lowaula pang'ono pamoto kuti lisang'ambike. Silimamatira ndipo limasiya kafungo kabwino. Chikaoneka kuti chapsa ndimachotsa makala apansi n'kusiya apamwamba okha kwa kanthawi kuti chiume bwino. Nthochi zanu 6 zija zachuluka pa nyengo ino, zinayi zikwana.

Koma kunena zoona, ine nthawi ino ndimakonda zitumbuwa kuposa chigumu. Nthochi zomwezo, mgaiwa womwewo, kamchere, koma umakazinga tizidutswa ting'onoting'ono, kanthawi kochepa wamaliza, moto wazimitsa. Ana amatenga zotentha kusukulu, palibe chotsala choti chivunde.

Nyemba muziphika m'mawa za chakudya chamasana, zithe. Usiku pezani ndiwo zofulumira: usipa, matemba, mlamba wowamba, mazira, kapena mfutso wotendera. Mfutso ndi nsinjiro ndiwo chuma cha mayi m'chilimwe. Ngati mwatsaza ndiwo, ziwiritseni mpaka zibwate musanagone, musazipisenso ndi chipande, ndipo m'mawa muziwiritsenso. Koma zotendera ndi zothira tomato wambiri musagoneke n'komwe, zimasasa msanga kuposa zonse.

Thobwa nalo muziphika la tsiku limodzi kapena awiri. Kuno ambiri timagwiritsa chimera cha mapira, ndipo kukatentha chonchi lofulula lero pofika mkucha lakhala lina, si la ana ayi. Kuti ana azimwa chozizira, funani bwemba ndi malambe pamsika, kuno n'kwawo. Mviikeni bwemba m'madzi owiritsa amene azizira, mumufinye, musefe, muthire shuga pang'ono, muike mumtsuko wadothi. Mudzandiuza.

MphunzitsiWaZophika_Zomba wayankha:

Zikomo agogo, mwanena zofunika kwambiri. Ine ndingowonjezera chifukwa chake zikuchitika choncho, poti ndimaphunzitsa zimenezi kusekondale ndipo kudziwa gwero kumathandiza kusankha chochita.

Achemwali, mwafotokoza bwino kwambiri: kunanda pakati, fungo la chipatso chopsetsa, tiulusi pokoka, koma chuku palibe. Amenewo ndi mabakiteriya (tizilombo tosaoneka ndi maso) a mtundu wa Bacillus. Amakhala m'dothi, ndiye amabwera ndi chimanga kapena tirigu mpaka mu ufa. Akakhala mu ufa wouma amadzitsekera m'kachikhungwa kolimba kamene sikafa ndi moto wophikira buledi, chifukwa ngakhale kunja kwa chigumu kupse mpaka kuda, pakati sipapitirira madigiri 100. Chigumu chikatsika pamoto n'kukhala chofunda ndi chonyowa, amadzuka n'kuyamba kudya sitachi. Ku Dedza kuzizira kunkawagwira manja. Ku Nchalo apeza zonse zimene amafuna, ndipo tsiku limodzi limawakwanira. Ophika buledi m'mabekale amalidziwa vutoli ndipo limawavuta nyengo yotentha yomweyi. Chigumu chotero musapatse ana, ngakhale mbali imene ikuoneka yabwino. Tayani.

Chimene mabakiteriya amenewa amadana nacho ndi chowawasa. Apa ndiye pali nkhani ya soda. Soda amapha kuwawasa, ndiye akachuluka m'chigumu amawakonzera malo abwino. Pa makapu atatu a ufa, supuni yaing'ono ya tiyi imodzi yosadzaza mpaka kutumphuka ndi yokwanira. Supuni yaikulu ndi katatu kake. Chigumu cha soda wambiri mumachidziwa ndi mtundu wake wofiirira moderako ndi kakomedwe konga ka sopo kumapeto kwa lilime. M'malo mwa mkaka wamba thirani chambiko. Ngati palibe, finyirani supuni yaikulu imodzi ya madzi a mandimu kapena viniga m'kapu ya mkaka, mudikire mphindi 10. Soda akakumana ndi chowawasa m'pamene amatulutsa mpweya wofufumitsa, choncho chigumu chimakwera bwino ndi soda wochepa yemweyo, komanso chimachedwa kunanda. Mukasakaniza ikani pamoto nthawi yomweyo, makala akhale atayaka kale.

Sefuliya, mpeni, thabwa lodulira ndi kontena imene munasungiramo chigumu chonanda chija muzitsuke ndi madzi otentha ndi sopo, kenako muzipukute ndi viniga n'kuziyanika padzuwa. Apo ayi chigumu chatsopano chidzatengera kwa chakale.

Za mandasi, yisiti ndi chamoyo. Kukazizira amagwira ntchito pang'onopang'ono, n'chifukwa chake kwanu usiku wonse unali woyenera. Pa madigiri 30 mpaka 35 amathamanga kwambiri, ndipo amafa kutentha kukayandikira 60. Mukausiya ufa usiku wonse pa kutentha kwa ku Nchalo, yisiti amamaliza shuga yense, amatulutsa mowa ndi zowawasa, ndipo ufa umatha mphamvu yogwira mpweya. Ndiye kuphwa kuja, ndiponso kumwa mafuta kuja. Chepetsani yisiti ndi theka, kandirani madzi ozizira a mumtsuko osati ofunda, ndipo musayang'ane wotchi, yang'anani ufawo. Ukakula kuwirikiza kawiri, kazingani.

Pa ndiwo zogona ndisiyana pang'ono ndi agogo, ndipo andikhululukire. Kuwiritsa kumapha tizilombo tambiri, koma si zonse zimene kumachotsa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri, chizisungidwa chotentha kuposa madigiri 60 kapena chozizira pansi pa madigiri 5. Pakati pa manambala awiriwa m'pamene tizilombo timaswana, ndipo khitchini ya kuchigwa mu Okutobala ili pakati penipeni. Choopsa kwambiri ndi mpunga wogona. Mabakiteriya ake amasiya poizoni amene satha ngakhale mutautenthetsa bwanji, ndipo mwana amayamba kusanza patangopita maola ochepa. Ndikudziwa kuti kutaya chakudya n'kowawa, ndiye njira ndi ija agogo ayamba nayo: kuphika chokwana kudya kamodzi.

Ndipo chonde madzi opangira bwemba, malambe ndi mafilizi a ana akhale owiritsa kapena othira mankhwala a kolorini. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a kuchigwa anali m'gulu la oyamba kukhudzidwa. Mvula yoyamba ikagwa m'pamene zitsime zimaipa.

WaMandasi_Salima wayankha:

Amayi, ine ndi bambo koma pa mandasi pokha ndiloleni ndiyankhule, poti ndi amene amalipirira ana anga sukulu. Kuno ku Salima nako Okutobala ndi Novembala sasewera.

Aphunzitsi anena zoona kuti kukanda usiku kuiwaleni. Ine ndimadzuka cha m'ma 3 koloko, kukanda, ndiye pamene ndikusonkha moto ndi kutsuka chiwaya ufa umakhala ukufufuma. Ola limodzi silikwana. Ndikaudula tizidutswa ndimangodikira pang'ono n'kuyamba kuponya m'mafuta. Ngati ufa ndi wambiri ndimaugawa pawiri, beseni lachiwiri ndimalikhazika m'bafa la madzi ozizira kuti lidikire lisanapitirire.

Pa banja lanu la anthu asanu, ine ndikanati yisiti musiyeni kaye. Gwiritsani baking powder. Makapu atatu a ufa wa tirigu, masupuni a tiyi atatu a baking powder, shuga masupuni aakulu anayi kapena asanu, kamchere, dzira, majarini supuni imodzi, mkaka kapena madzi. Kandani pang'ono chabe, musaulimbitse, usiyeni upume mphindi 15, kazingani. Sakhala a mphako yaikulu m'kati ngati a yisiti, amakhala olemererako, koma sawawasa ndipo simudikira. Makasitomala anga ena amakonda amenewa chifukwa amakhutitsa.

Nkhani yomwa mafuta ili pawiri. Ufa wopitirira kufufuma umamwa, inde, komanso mafuta osatentha mokwanira. Ponyani kachidutswa kakang'ono kaye. Kakamira n'kukhala pansi, dikirani. Kakabwera pamwamba msanga kakuchita thovu m'mbali, yambani. Kakada nthawi yomweyo, phulani chiwaya pang'ono. Ndipo musadzaze chiwaya, mandasi akachuluka amaziziritsa mafuta.

Shuga wambiri amapangitsa kuti ade kunja m'kati asanapse, ndipo m'kati mosapsamo ndi mmene mumayamba kusasa masana. Izi ndimaziona kwa anzanga ongoyamba kumene geni. China chimene amalakwitsa ndi kuwaika otentha m'ndowa yotseka kapena m'jumbo. Pofika 10 koloko achita thukuta, afewa, akununkha. Ine ndimawayala padengu loyalamo pepala mpaka azizire, kenako ndiye m'ndowa, chivundikiro chake ndinachiboola timabowo.

Mafuta otsala muziwasefa ndi kansalu akazizira, muwasunge m'botolo lotseka pamalo amdima. Kutentha kumawaononga msanga. Akayamba kuda, kunanda kapena kufuka utsi asanatenthe, atha ntchito, musawaumirire. Ufa wa tirigu nawo musagule wambiri miyezi ino, umagwa anankafumbwe ndi timphutsi. Baking powder ndi yisiti gulani timapaketi tating'ono, chifukwa paketi yotsekula siichedwa kutha mphamvu.

MayiWaAtatu_Nchalo wayankha:

Zikomo kwambiri agogo, aphunzitsi ndi inu bambo a ku Salima. Mwandimasula. Lero ndinadzuka kusanache n'kuphika chopyapyala monga mwanenera: nthochi zinayi, soda supuni yaing'ono, mkaka wofinyiramo ndimu poti chambiko sindinachipeze pafupi. Chakwera kuposa masiku onse ndipo mtundu wake ndi wowala. Chili palichero pamwamba pa beseni la madzi, nyerere zikungozungulira m'mbali. Wamng'ono wanga wanena kuti chikukoma nthochi, osati soda.

Ndatsala ndi mafunso awiri. Mango aja ayamba kugwa, mtengo umodzi ndi wa maboloma, winawo ndi wa timango tating'ono ta ulusi wambiri. Kodi mango angalowe m'malo mwa nthochi m'chigumu? Nthochi zikudula, ogulitsa akuti zambiri zikuchokera kutali. Funso lachiwiri, tomato ndi masamba ndikagula m'mawa pofika madzulo afota. Pali njira yosungira popanda firiji?

Mlongo_WaKuJoni wayankha:

Achemwali, ine ndili ku Johannesburg ndipo chigumu cha mango ndimaphika Disembala aliyense, mango akatchipa kuno. Chimatheka, koma musachotse nthochi zonse. Nthochi ndi imene imagwira mgaiwa kuti usamwazike, pamene mango ndi madzi okhaokha. Ine ndimasiya nthochi ziwiri, n'kuwonjezera kapu imodzi ya mango odula timabokosi ting'onoting'ono, osati opota. Ndimawagubuduza kaye mu ufa wouma kuti asamire pansi, ndipo mkaka ndimachepetsa ndi theka. Tengani maboloma aja, a ulusiwo asiyireni juwisi. Ndikathira kapu imodzi ya ufa wa tirigu m'malo mwa kapu imodzi ya mgaiwa chimagwirana bwino koposa. Koma dziwani kuti chimenechi ndi chodya tsiku lomwelo, sichigona, ngakhale kuno kumene sikutentha ngati kwanuko.

Mgaiwa weniweni ndi umene ndimausowa. Ufa wa m'mashopu kuno ndi woyera wosalala, chigumu chake sichikhala ndi fungo lija la kumudzi. Aliyense wobwera pa basi ndimamupempha kathumba.

MphunzitsiWaZophika_Zomba wayankhanso:

Ndakondwa kuti chatheka, achemwali. Za kudula kwa nthochi ogulitsawo sakunama. Matenda a chisaka anaononga minda yambiri ya nthochi ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Nkhata Bay, moti nthochi zambiri za m'misika yathu zakhala zikuchokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Alimi akubzalanso mbewu zopanda matenda, koma zitenga nthawi. Ndiye mukapeza zakupsa zotchipa madzulo pamsika, gulani muphike zitumbuwa m'mawa mwake.

Mango muli nawo mwayi waukulu chifukwa kuchigwa amapsa msanga, mvula isanakhazikike, pamene dzuwa lidakali lamphamvu ndi mpweya wouma. Ino ndiyo nthawi yoyanika. Sankhani maboloma akupsa koma olimba, musende, mudule tizidutswa topyapyala, muviike pang'ono m'madzi ofinyiramo mandimu kuti tisade. Yalani pathandala lokwera, pa waya wa sefa kapena paukonde woyera kuti mphepo izipita pansi ndi pamwamba, ndipo pamwamba muphimbe ndi kansalu ka neti chifukwa cha ntchentche. Osayanika pa lata lachitsulo mwachindunji, amapserera ndi kumamatira. Madzulo lowetsani m'nyumba. Auma akamapindika osathyoka komanso osatulutsa madzi mukawafinya. Sungani m'botolo louma lotseka bwino, ndipo muziwayang'ana sabata yoyamba: mukaona nthunzi m'botolo, abwezeni padzuwa. Ana adzadya mu Juni mango atatha kalekale.

Jamu nayenso ndi wosavuta, koma muphike m'mawa poti amafuna kuima pamoto. Pa kilogalamu imodzi ya mango osenda ndi kudula, thirani shuga magalamu 750 ndi madzi a mandimu awiri. Mandimuwo musawasiye, mango paokha alibe kuwawasa kokwanira kuti jamu agwirane ndi kukhalitsa. Wiritsani mukutakasa kuti asapserere pansi. Poyesa, donthezani pang'ono pambale yozizira, mudikire kamphindi, mukankhe ndi chala. Akachita makwinya wapsa. Mabotolo agalasi ndi zotsekera zake muwiritse m'madzi mphindi 10, muthire jamu akadali wotentha, mutseke nthawi yomweyo. Botolo losatsekula limakhala miyezi, koma mukangotsekula lithe m'masiku ochepa ngati firiji n'njosadalirika, choncho timabotolo tating'ono ndi tabwino kuposa limodzi lalikulu. Aang'ono a ulusi aja afinyeni musefe, ndi abwino pa juwisi. Ogwa osapsa musataye, dulani muthire mchere, kambuzi ndi mafuta mupange achali.

Za tomato ndi masamba, yesani miphika iwiri yadothi, waukulu ndi waung'ono, yosapaka penti kapena chilichonse chotseka timabowo ta dothi. Thirani mchenga pansi pa waukulu, ikani waung'ono m'kati, dzazani mchenga m'mphepete monse, kenako nyowetsani mchengawo ndi madzi. Masamba ndi tomato alowe mumphika wam'katiwo, pamwamba muphimbe ndi chiguduli chonyowa. Ikani pamthunzi pamene pamapita mphepo, ndipo muzithira madzi mumchenga m'mawa ndi madzulo. Madzi akamauma kudzera m'dothi amachoka ndi kutentha, monga mmene mtsuko umaziziritsira madzi akumwa. Njirayi anaifalitsa kwambiri ndi mphunzitsi wina wa kumpoto kwa Nigeria, Mohammed Bah Abba, m'zaka za m'ma 1990, kudera lotentha ndi louma. Imagwira bwino ntchito mu Okutobala ndi Novembala. Mvula ikayamba mpweya umakhala wachinyezi, madzi sauma msanga, ndiye mphamvu yake imachepa. Ndipo si firiji ayi: siifika pa madigiri 5 aja, choncho nyama, nsomba yaiwisi, mkaka ndi ndiwo zophika musaikemo. Ndi ya tomato, mpiru, therere, mabiringano ndi zipatso basi.

Agogo_aNgabu ayankhanso:

Aphunzitsi, pa ndiwo zogonazo ndamva, sindikutsutsani. Ife tinkachita zimene tinkatha pamene panalibe wotiuza, ndipo mpunga wogona ndi zoona umadwalitsa ana, ndinaziona.

Mwana wanga, miphika ya dothi funsani amayi oumba pa tsiku la msika, muwauze kuti mukufuna umodzi ulowe mwa unzake ndipo patsale malo olowa dzanja m'mbali. Mphika watsopano muyambe mwauthira madzi ugone nawo usiku, muone ngati sukudontha, uzingochita thukuta kunja. Mpiru ndi chayinizi musazitsuke posunga, muzitsuka pophika. Tomato gulani wosapsetsa, wa mbali ina yobiriwira, azipsera kwanu. Ndipo mango oyanikawo yambani sabata ino, musadikire kuti onse apse, chifukwa kumwamba kukayamba kuunjika mitambo cha kumapiri a ku Thyolo ndiye kuti masiku a dzuwa loyanikira atsala ochepa. Amene agwa pansi n'kuphwanyika muzitola m'mawa uliwonse mukwirire kudzala, akakhala pabwalo amaitana ntchentche mpaka kukhitchini.